Chimene Chinagwetsa Bambo m'Chigafa

Ntchito yanga inali ya ukalaliki pa chipatala china chaching'ono cha mishoni, m'mapiri a kumalire kwa Dowa ndi Ntchisi. Sindinkabaya jakisoni, sindinkagawa mankhwala. Wodwala akatuluka, akatumizidwa kwina kapena akamwalira, fayilo yake inkafika pa tebulo langa. Ndinkawerenga zimene adokotala alemba, n'kupatsa nthenda iliyonse nambala yake kuchokera m'buku lalikulu lomwe zipatala zambiri zimatsatira, kenako n'kulowetsa mu kompyuta. Malungo ali ndi nambala yake, chibayo chili ndi yake. Koma munthu wovulala amatenga manambala awiri. Yoyamba imanena chimene chawonongeka m'thupi, yachiwiri imanena mmene zinachitikira. Mtengo ukamugwera, pali nambala yake. Wina akamumenya ndi chibonga, pali ina. Palinso yachitatu, Y29, ya munthu amene wagundidwa ndi chinthu chobuntha koma palibe akudziwa ngati inali ngozi kapena dala.

Kwathu sikutali ndi chipatalacho, ungodutsa dambo ndi kuzungulira kaphiri. Bambo anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wolankhula pang'onopang'ono koma wosabweza mawu. Atapuma ntchito anayamba kulima fodya, ndipo anatenga tenanti mmodzi, bambo wina wochokera ku Phalombe amene anabwera ndi mkazi wake ndi ana ang'onoang'ono. Pakhomo pathu palibe ankamutchula dzina, tonse tinkangoti a ku Phalombe. Anali atakhala nafe nyengo zingapo, wolimbikira, wosamwa mowa. Bambo anamukonda mpaka kumubwereka dimba la kudambo kuti azilimamo masamba. Dimba limenelo ndi limene achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ankalifuna kuti adzalemo kachewere. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ine ndilipo, achimwene anawauza bambo kuti, "Tsiku lina mudzadziwa kuti mwana wanu ndi uti." Bambo anangopitiriza kumwa tiyi.

Inali nyengo yosankha ndi kudinda fodya, kunja kutayamba kuzizira. Tsiku lina m'mawa dzuwa litakwera ndithu, ndinamva phokoso la ngolo ikulowa pa geti mothamanga. Ngolo zinkabwera tsiku ndi tsiku, sindikanadzuka. Koma nditasuzumira pa windo ndinaona ng'ombe yothyoka nyanga ya kumanzere, ndipo ndinaidziwa. Inali yathu.

Ndinathamangira pa ngolopo. Amayi anakhala m'katimo atatambasula miyendo, mutu wa bambo uli pa chilolo pawo. Chitenje chimene anawamanga kumutu chinali chitada ndi magazi. A ku Phalombe ndi amene ankakusa ng'ombe, malaya awo ali magazi okhaokha pachifuwa, akupuma ngati athamanga mtunda wonsewo, ndipo mwinadi anathamanga.

"Mwana wanga, abambo ako awa," anatero amayi. Sanalire. Anangobwereza mawu omwewo.

Adokotala athu anali mayi wamfupi wa cha ku Kasakula, wosachulutsa zonena. Anthu atayamba kugwira bambo miyendo ndi manja kuti awatsitse, anawaletsa.

"Musawanyamule ngati thumba la chimanga. Inu gwirani mutu, usatembenuke. Khosi ndi msana ziyendere limodzi."

Anawaveka chinthu cholimba m'khosi, n'kuwagoneka pa machira. Ine ndinatsatira mpaka m'chipinda chotsukira mabala ndipo palibe anandithamangitsa. Anesi anameta tsitsi la imvi pamwamba pa khutu la kumanja, cha kumbuyo pang'ono. Balalo silinali lalikulu monga ndinkaopera. Khungu linali litaphulika, m'mbali mwake muli motupa, osati lochekedwa bwinobwino ngati la mpeni. Analitsuka, analisoka, anaika diripi. Adokotala anatsegula zikope za bambo n'kuunika ndi tochi diso ili ndi ilo. Anawatsina chala. Bambo anabweza dzanja, anabuula, kenako anatsegula maso.

"Abambo, dzina lanu ndani?"

Anatchula dzina lawo lonse, monga ankachitira pa misonkhano ya mpingo.

"Uyu mukumudziwa?"

"Mwana wanga wachitatu. Amagwira ntchito pano."

"Lero ndi lachingati?"

Tsikulo sanalidziwe, maso ankangoyendayenda padenga. Nthawi yomweyo achimwene analowa, fumbi lili m'nsidze, makiyi a njinga yamoto ali m'manja. Anati uthenga unawapeza ku Madisi kumene anapita kukagula ziguduli zokutira mabelo. Anawerama pafupi ndi bedi.

"Bambo, chachitika n'chiyani? Wakupangani zimenezi ndani?"

Lilime la bambo linali lolemera. Anati ankakonza fodya m'chigafa, anawerama kuti atole chingwe. Kenako ananena mawu amene mpaka lero ine ndi achimwene sitigwirizana. Ine ndinamva kuti, "Chinandipeza kumbuyo." Achimwene anamva kuti, "Anandipeza kumbuyo." Amayi, amene anali pafupi kuposa tonse, akuti sanamve chilichonse chifukwa mtima unkagunda m'makutu. Titawafunsanso, bambo anangoti mutu ukuwawa ndipo akufuna tiyi.

Kupempha tiyi kuja kunatimasula. Amayi anaseka pang'ono, misozi n'kuyamba kutsika tsopano. Anesi anakana, anati asamwe kapena kudya kalikonse. Adokotala anandikokera pakhonde.

"Usafulumire kukondwa," anatero. "Anakomoka, atsitsimuka, akulankhula. Nthawi zina zimathera pomwepo. Koma nthawi zina mtsempha umakhala ukudontha m'kati mwa chigaza, magazi n'kumaunjikana, n'kuyamba kufinya ubongo. Kuno tilibe makina oonera m'mutu. Ndikufuna apite ku Lilongwe, koma ambulansi yapita ndi mayi wa pakati, tiidikire. Amayi ako asawasiye okha. Akayamba kusanza, kapena kugona tulo tovuta kuwadzutsa, undiitane pomwepo."

Ndikubwerera m'chipindamo ndinamva mawu okwera cha ku geti. Achimwene anali atatuluka. Anaima maso ndi maso ndi a ku Phalombe, ndipo anyamata a m'mudzi mwathu anali atayamba kufika, ena pa njinga, ena wapansi. Mmodzi anali ndi mpini wa khasu. Sankakuwa. Anangozungulira ngolo ija, manja m'matumba, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanakhala kuti akukuwa.

"Dzulo unawayankha chiyani bambo?" achimwene ankafunsa. "Nena pano anthu amve. Magazi awa pa malaya ako abwera bwanji?"

"Ndawanyamula ndine, achimwene. Ndikanawanyamula bwanji osadetsedwa?"

Ndinali nditaonapo zimene gulu la anthu limachita. Mafayilo a anthu otero ankafika pa tebulo langa, ena ali ndi chidindo cha imfa. Sindinaganize zambiri. Ndinalowa pakati pawo, ndinanena mokweza kuti adokotala akufuna munthu amene anawapeza bambo akafotokoze, ndinawagwira dzanja a ku Phalombe n'kupita nawo ku ofesi yanga. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba la siketi. Ndinaimbira foni mlonda wa pa geti kuti aitane apolisi.

Ofesiyo inali yaing'ono, mashelefu a mafayilo mbali zonse, windo limodzi la zitsulo. A ku Phalombe anakana mpando, anakhala pansi atatsamira khoma. Ndinawafunsa kuti andiuze zonse.

Anati m'mawa anasiyana ndi bambo m'chigafa, iwo n'kupita kumjigo kukatunga madzi owaza fodya kuti afewe. Pobwera anapeza bambo atagona chafufumimba. Mtanda umodzi wa pamwamba, wa mtengo wa bulugamu, unali utagwa mbali imodzi, mikangala yopachikapo fodya ili mbwee pansi. Chitsulo chopukusira jeke yodindira mabelo chinalinso pansi pomwepo, pafupi ndi mutu wawo.

"Nanga za dzulo zimene akunena achimwene?"

Anaweramitsa mutu. "Amayi anga akudwala kumudzi, achemwali. Ndinapempha kuti ndipite ndikawaone. Abwana anati ndidikire timalize kudinda. Ndinawayankha moipa, sindikana. Ndinati amayi anga akafa ndisanawaone, mlandu udzakhala pa iwo. Anthu anamva. Koma kuwamenya ayi. Munthu amene anandipatsa dimba?"

Akulankhula choncho ndinayang'ana manja awo. Anali manja akuluakulu, ong'aluka, akuda ndi utomoni wa fodya, magazi a bambo atauma m'zikhadabo. Ndi pamene chinandifika m'mutu kuti ndadzitsekera m'chipinda ndi munthu amene mwina wangophwanya mutu wa bambo anga. Pakati pa ine ndi chitseko panali iwo. Pa tebulo panali chitsulo choboolera mapepala, cholemera ndithu, ndipo ndinachisendeza pang'onopang'ono kufupi ndi ine. Anaona. Anangobisa manja awo pakati pa mawondo. Ndinachita manyazi, koma mantha sanachoke.

"Simunaone munthu wina aliyense?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu.

"Kuona ayi. Ndili kumjigo ndinamva njinga yamoto ikuchoka cha kumtunda. Koma njinga zimadutsa zambiri masiku ano, achemwali. Za kabaza zija. Sindinganene kuti inali ya ndani."

Sanandiyang'ane ponena zimenezo. Ndinakumbukira achimwene akulowa m'chipinda chija, fumbi m'nsidze, ndipo ndinayesa kukumbukira ngati pa njinga yawo panali ziguduli. Ndinali nditaiona njingayo itaima pafupi ndi ngolo. Pampando wa kumbuyo panalibe kanthu.

Wina anagogoda mwamphamvu. Anali anesi. "Bwera msanga, bambo ako akusanza."

Ndinawatsekera a ku Phalombe m'katimo n'kuthamanga. Bambo anali atasintha m'kanthawi kochepa komweko. Amayi ankawagwedeza phewa, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba monga ankachitira kunyumba, koma iwo ankangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Adokotala anaunika ndi tochi. Anandiuza kuti ndiyandikire ndione, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ankafuna wina wa m'banja amvetse. Kamwana ka m'diso la kumanzere kanachepa kataona kuwala. Ka kumanja kanali katakula, kakuda bii, ndipo sikanasunthe. Anakweza dzanja la bambo la kumanzere n'kulisiya. Linagwa ngati nsanza yonyowa.

"Ndi chimene ndinkaopa," anatero. Anaimba foni kwa dalaivala wa ambulansi, mawu awo osakwera koma olimba. Anakweza bedi cha kumutu, anaika mpweya, anawonjezera mankhwala mu diripi. Analemba kalata yotumizira wodwala ataimirira.

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Apolisi awiri anali atafikanso, ndipo ndinapereka kiyi wa ofesi kwa mmodzi. Ndinaona a ku Phalombe akutuluka pakati pawo, anyamata aja akuwayang'ana, ndipo chitseko cha ambulansi chinatsekedwa.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ndi makutu kuposa maso. Msewu wafumbi wotsika m'mapiri unali wa mabampu, ndipo bampu lililonse anesi ankagwira mutu wa bambo ndi manja awiri, ine n'kugwira botolo la diripi kuti lisamenye denga. Kupuma kwawo kunasanduka mkonono, wokoka, wodukiza. Ukaduka ndinkasiya kupuma nanenso mpaka uyambirenso. Amayi ankaimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi chapansipansi, vesi imodzi yomweyo. Achimwene ankatitsatira pa njinga yawo. Ndikayang'ana pa galasi la kumbuyo ndinkawaona m'fumbi, atawerama, osatsalira. Ndinkati mumtima, munthu amene wachita choipa angathamangire chonchi? Kenako ndinkati, nanga akanachita chiyani china, anthu onse akuona? Titafika pa msewu wa tala ndinasiya kuyang'ana kumbuyo.

Ku chipatala chachikulu anawajambula m'mutu n'kupeza zimene adokotala athu ananena. Fupa linali litang'aluka ndipo magazi anali ataundana pansi pake. Anatiuza kuti aboola chigaza achotse magaziwo, ndipo sanatilonjeze kanthu. Pofunika kusaina, amayi anati asaine mwana wamwamuna. Achimwene anasaina. Tinakhala pa benchi tonse atatu, amayi pakati. Achimwene anagula mabanzi ndi zakumwa, palibe anadya. Nthawi ina anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ndinafuna kuwagwira dzanja. Dzanja langa linakana kuchoka pa bondo.

Bambo anatuluka amoyo. Anakhala masiku ali m'tulo, machubu m'mphuno, kenako anayamba kutsegula maso, kenako kufinya chala cha amayi. Ataoneka kuti apulumuka, amayi anatsala nawo ngati gadiyani, ine ndinabwerera ku ntchito chifukwa pa chipatala chathu kalaliki wa manambala ndinali ndekha.

Ndinayamba ndadzera kumudzi. Ndinkafuna kuona chigafacho ndi maso anga. Ndinapeza anansi atachikonza kale. Poopa kuti fodya awonongeka, tsiku lomwelo anadzutsa mtanda uja, anauchirikiza ndi mphanda yatsopano, anatola mikangala, anasesa pansi. Jeke inali yobwereka ndipo mwini wake anali ataitenga, ikudinda fodya m'mudzi wina. Apolisi anafika zonsezi zitachitika. Ndinakwera pa chitsa n'kugwira kumapeto kwa mtandawo. Kunali kodyedwa ndi chiswe, kofumbutuka m'manja. Mtima unatsika pang'ono. Koma mayi wina woyandikana nafe, amene anabwera kudzandipatsa moni, anati, "Mitanda yonse ya m'zigafa zathu ndi yotero, mwana wanga. Komanso mtanda ungagwe poti munthu wautsamira pogwa, kapena poti anthu akulimbana." Ndinatuluka m'chigafamo ndikucheuka ngati wina ali kumbuyo kwanga, masana dzuwa lili phwee.

A ku Phalombe anawasunga ku polisi masiku angapo, makamaka powateteza, kenako anawamasula poti panalibe umboni. Sanagonenso m'nyumba yawo ya pa munda. Mkazi wawo ndi ana anali atathawira kwa anzawo a pa esiteti ina usiku woyamba womwe, anthu ataponya miyala pa denga.

Fayilo ya bambo ndinaipeza pamwamba pa mulu, pa tebulo langa. Nambala yoyamba sinandivute, ya kuvulala kwa m'mutu ndi magazi oundana m'chigaza. Pa yachiwiri ndinaima. Adokotala analemba kuti wagundidwa ndi chinthu chobuntha, ndipo sizikudziwika ngati inali ngozi kapena anachita kumenyedwa. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti kalaliki salosera, amatsata zimene dokotala walemba. Komabe ndinanyamula fayiloyo n'kupita nayo kwa iwo.

"Adokotala, pepani. Izi mwalembazi ndaziona. Koma inuyo mumtima mwanu mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani?"

Anavula magalasi. "Khala pansi. Bala lija limandiuza kuti chinthucho chinali cholimba, cholemera, chopanda msonga. Mtanda ungachite zimenezo. Chitsulo cha jeke chingachite zimenezo, kaya chili m'manja mwa munthu, kaya chabwerera chokha poti jeke inali yothina. Komanso bambo ako magazi awo amathamanga, ndipo amayi ako akuti mankhwala anali atawathera. Akhoza kuchita chizungulire powerama, n'kugwera pa jekepo, n'kukoka mtanda pogwa. M'manja mwawo munalibe mabala a munthu wodziteteza. Koma munthu womenyedwa kumbuyo sadziteteza. Ndikakuuza kuti ndikudziwa, ndikunamiza. Apolisi ndawalembera zomwezi."

"Nanga iwo akadzachira sadzakumbukira?"

"Ena amakumbukira. Ambiri, kanthawi kaja kovulalira kamafufutika, sikabweranso. Usadalire zimenezo."

Achimwene anabwera ku ofesi masana a tsiku lomwelo. Sanagogode. Anaima pamene anakhala a ku Phalombe paja, chipewa chili m'manja.

"Ndamva kuti pepala la bambo lili ndi iwe. Apolisi akuti chipatala sichinanene kuti anamenyedwa, n'chifukwa chake amumasula uja. Iwe ndi amene umalemba. Lemba kuti anamenyedwa."

Ndinawafotokozera kuti nambala yanga sipita ku polisi, imangolowa mu kompyuta ya chipatala, ndipo lipoti la apolisi amalemba ndi adokotala. Sanamve. Kwa iwo, chilichonse cholembedwa m'chipatala chinali chimodzi.

"Iwe unamva ndi makutu ako. Anati anandipeza kumbuyo."

"Ine ndinamva kuti chinandipeza, achimwene."

"Ndiye ukuteteza mlendo, bambo ako ali gone ku Lilongwe ndi chibowo m'mutu?"

"Sindikuteteza munthu. Sindikudziwa basi. Inu mukudziwa bwanji?"

Funso limenelo linatuluka lokha. Ndipo linzake linatsatira ndisanaligwire.

"Ziguduli zija munapita kukagula ku Madisi zili kuti?"

Kunja wina ankakankha wilibala ya zochapa, tayala likulira. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sindinathe kuiwerenga. Ndi munthu amene ankandibereka kumsana powoloka dambo popita ku sukulu, koma tsiku limenelo ndinayeza ndi maso mtunda wochoka pa mpando wanga kufika pa chitseko.

"Zinali zitatha m'sitolo," anatero motsitsa. "Ukuganiza chiyani za ine, iwe?"

"Palibe."

"Ayi, nena."

"Palibe, achimwene."

Anavala chipewa. Pa chitseko anatembenuka, milomo ikunjenjemera, ngati anene kanthu, koma anatuluka. Sindikudziwa ngati uko kunali kunjenjemera kwa munthu wogwidwa kapena kwa munthu amene mlongo wake wamubaya ndi mawu osayenera. Ndinatsegulanso fayilo ya bambo. Kenako ndinalemba Y29, ndinasunga, ndinaika fayilo pa shelefu.

Masabata otsatira ndinkagona ku nyumba ya ogwira ntchito pa chipatala, osapita kumudzi. Njinga yamoto ikaima pafupi ndinkadzidzimuka. Ndikaona munthu wamtali wovala malaya ong'ambika pa geti, ndinkaganiza kuti ndi a ku Phalombe abwera kudzandiuza zimene anabisa. Maganizo ankasinthasintha ngati mphepo ya mu Juni. M'mawa ndinkakhulupirira chiswe. Masana ndinkakumbukira manja aja. Madzulo ndinkakumbukira mpando wa njinga wopanda katundu. Ndinaonda mpaka anesi anandifunsa ngati ndayezetsa magazi.

Bambo anabwera kunyumba chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Anali ochepa thupi, chipsera chokhota ngati chikwakwa m'mutu, mwendo wa kumanzere ukukoka pansi, dzanja la kumanzere losagwira bwino kapu. Ankalankhula bwino, ankawerenga Baibulo lawo, ankadziwa aliyense. Koma za tsiku lija ankakumbukira kudya phala m'mawa, kenako denga loyera la ku Lilongwe. Ngakhale mawu amene ananena m'chipinda chotsukira mabala sankawadziwa. Achimwene atawafunsa pamaso pa akuluakulu a mpingo amene anabwera kudzawazonda, anayankha kuti, "Ukundifunsa za kumene kunalibe ine."

Tsiku lachiwiri anafunsa kuti a ku Phalombe ali kuti, bwanji sanabwere kudzawalonjera. Amayi anawauza zonse, za miyala pa denga, za ku polisi, ndi kuti banjalo linakwera basi kubwerera kwawo. Bambo anakwiya mmene sindinawaonepo. Anamenya ndodo pansi.

"Munthu anandinyamula, inu n'kumuthamangitsa? Amayi ake aja anawapeza amoyo?"

Palibe ankadziwa. Bambo anandituma kuti ndifufuze nambala ya foni ya a ku Phalombe kwa anzawo a pa esiteti aja. Nditaipeza, anaimba okha, ine nditawagwirira foni kukhutu. Ndinkamva mawu a mbali inayo pang'onopang'ono. Amayi awo anali atamwalira iwo ali m'manja mwa apolisi. Bambo anati, "Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndikanakulola upite." Anawapempha kuti abwerere nyengo ikubwerayo. A ku Phalombe anathokoza mwaulemu, anawafunira kuchira, koma anati ku Dowa sadzapondakonso. Ndinamvetsera mawu awo ndi khutu lonse, kufunafuna kanthu kena m'kati mwake, kaya chisoni cha munthu wolakwa, kaya mkwiyo wa munthu wonamiziridwa. Ndinangomva munthu wotopa.

Fodya bambo anasiya. Dimba lija anawapatsa achimwene, amene amalimamo kachewere mpaka pano ndipo amabweretsa thumba loyamba kwa makolo chaka chilichonse. Ndi iwo amene amawatengera bambo ku sikelo yoyeza kuthamanga kwa magazi pa njinga, atawamanga ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe. Ine ndi iwo timalonjerana, timadyera limodzi pa maliro ndi pa maukwati, ana athu amasewera pamodzi. Za ziguduli sitinazitchulenso. Nthawi zina ndimawaona akuwasambitsa bambo mapazi ndipo ndimadzida chifukwa cha zimene ndinaganiza. Nthawi zina ndimawaona ataima kumbuyo kwa mpando wa bambo, nkhwangwa ili paphewa pochokera ku nkhuni, ndipo ndimawatsata ndi maso mpaka atadutsa.

Ndinkayesa kuti mantha amenewa ndi anga ndekha. Koma nditapita kukakhala kumudzi pa tchuthi, ndinaona kuti amayi sawasiya bambo okha ndi munthu aliyense. Mlendo akabwera, amayi amakhala pa mkeka pafupi. Ine ndikakhala nawo pakhonde, amayi amapeza chochita pomwepo. Achimwene akati apite nawo kudimba akaone mbewu, amayi amanyamula lichero la mtedza n'kutsatira, n'kukakhala pa mzere akusenda. Ngakhale ulendo wa ku sikelo uja, amakwera kabaza n'kumabwera pambuyo.

Tsiku lina tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ndinawafunsa.

"Amayi, bwanji simupuma? Bambo akakhala ndi achimwene kapena ndi ine, vuto n'chiyani?"

Anapitiriza kukwecha poto ndi mchenga, osadzutsa mutu.

"Abambo ako amachita chizungulire," anatero. "Angagwe."

Ndinadikira kuti mwina awonjezera. Anatsukuluza potoyo, anauvundikira pa thandala, n'kundiuza kuti ndikathire madzi otsalawo pa mpiru. Iwo anapukuta manja pa chitenje n'kuzungulira nyumba mofulumira, chifukwa kutsogolo kunamveka mawu a munthu akuodira.